KODI DZINA LIMANGA MWINI WAKE?

Ku Matero, komboni yakale ya mu Lusaka imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1950 kuti mukhale anthu ogwira ntchito m'tauni, munthu woyenda madzulo amva amayi alikuitana ana awo: Dennis, Diana, Irene, Cynthia, Hector, Phoebe. Mayina omwewo anafika kale kumidzi ya ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke, ndipo alembedwa m'mabuku a ubatizo pamodzi ndi Mavuto ndi Misozi. Koma tsopano pabuka nkhawa. Alaliki ena aphunzitsa kuti mayina otere ndi a milungu yachikunja, ndi kuti dzina likokera pa mwana mzimu wa mwini wake woyamba. Mayi amene mwana wake adwaladwala auzidwa kuti nthenda ili m'dzina, ndipo pofunafuna wolichotsa achedwa kupita naye kuchipatala. Chifukwa chake mlandu uwu uyenera kuweruzidwa modekha.

Kumene mayinawa anachokera

Pa chiyambi cha mayinawa alaliki aja sanama. Agiriki akale, amene Buku Lopatulika liwatcha Ahelene, anali ndi milungu yambiri ndi nthano zake. Zeus anali mfumu ya milunguyo, Dionysus mulungu wa mphesa ndi vinyo, Demeter wa dzinthu za m'munda, ndi Artemis wa uzimba, amene Aroma anamlinganiza ndi Diana wawo. Cynthia ndi dzina lina la Artemis yemweyo, lochokera ku phiri la Cynthus pa chisumbu cha Delos, kumene nthano inati anabadwira. Irene ndiko kunena mtendere, ndipo linalinso dzina la mulungu wamkazi wa mtendere. Hector sanali mulungu, koma ngwazi ya mudzi wa Troy m'ndakatulo ya Homer yotchedwa Iliad, imene inapekedwa zaka zoposa 600 Khristu asanabadwe.

Mgiriki pomutcha mwana wake Dionysius anali kunena kuti mwanayo ndi wa Dionysus. Koma dzinalo linayenda ulendo wautali. Bishopu wina wa dzina limeneli anaphedwa ku Paris chifukwa cha Khristu cha m'ma 250. Afalansa anamutcha Denis, Angerezi nati Dennis, ndipo chotero linafika kuno ndi amishoni. Ku Uganda mnyamata Denis Ssebuggwawo anaphedwa ndi mfumu Mwanga mu 1886 chifukwa cha chikhulupiriro chomwecho. Lero munthu wa ku Zambia akamva dzinali akumbuka Dennis Liwewe, woulutsa mpira pa wailesi, amene anamwalira mu 2014. Akamva Irene akumbuka Irene Mambilima, Woweruza Wamkulu wa dziko kuyambira 2015 kufikira imfa yake mu 2021. Mulungu wa vinyo palibe amkumbuka.

Chimene atumwi anachita

Funso ili silatsopano, pakuti Mpingo woyamba unadzala ndi anthu a mayina otere. Mkulu wa ku Atene amene anakhulupirira pakumva Paulo anali Dionisiyo (Machitidwe 17:34). Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya amene Paulo anamuyamikira kwa Aroma, anali ndi dzina la mulungu wamkazi wa m'nthano (Aroma 16:1). M'mutu womwewo Paulo apereka moni kwa Herme, ngakhale anadziwa bwino mwini dzinalo, popeza anthu a ku Lustra anamutcha iye mwini Herme nafuna kumphera ng'ombe za nsembe, iye nang'amba zovala zake (Machitidwe 14). Nsembeyo anaikana, koma mbale wa dzinalo anamlonjera.

Epafrodito, amene dzina lake lichokera kwa Aphrodite, mulungu wamkazi wa chilakolako, ananyamula mphatso ya Afilipi kupita nayo kwa Paulo m'ndende, nadwala pafupi kufa chifukwa cha ntchito ya Khristu (Afilipi 2:25-30). Apolo wa ku Alesandriya anatchedwa ndi dzina lochokera kwa Apollo. Ndipo Priskila ndi Akula pomumva alikulalikira, anamtenga nakonza chiphunzitso chake, dzina lake nalisiya (Machitidwe 18:26). Mlaliki wa ku Uganda, Apolo Kivebulaya, analandira dzina lomwelo pa ubatizo, nakalalikira m'nkhalango za ku Congo kufikira imfa yake mu 1933.

Ku Efeso okhulupirira anatentha mabuku awo amatsenga a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000, chifukwa m'menemo munali zoipa zimene anazichita ndi manja awo. Koma palibe malo m'Chipangano Chatsopano pamene mtumwi analamula munthu kutaya dzina la chibadwidwe chake asanabatizidwe.

Umboni woposa ndi wa amuna awiri otchedwa Demetriyo. Woyamba anali wosula siliva wa ku Efeso, amene anautsa phokoso pa Paulo poopa kuti malonda ake a tiakachisi ta Artemi adzatha (Machitidwe 19:24). Wachiwiri anachitiridwa umboni wabwino ndi anthu onse (3 Yohane 12). Dzina linali limodzi, la Demeter yemweyo. Chikhala kuti dzina lilamula mtima, akadafanana.

Chotsutsa chimene chiyenera kuyankhidwa

Wina adzati, nanga Eksodo 23:13 saletsa kodi kutchula mayina a milungu ina? Aletsadi, koma choletsedwacho ndicho kuipembedza, kuiitana pa tsoka, ndi kulumbira pa iyo. Aneneri omwe anatchula Baala kawirikawiri pomdzudzula. Danieli anapatsidwa ku Babulo dzina loti Belitsazara, monga mwa dzina la mulungu wa mfumu (Danieli 4:8), ndipo anavomera poitanidwa nalo. Koma chakudya cha mfumu anachikana, ndipo kupemphera sanaleke ngakhale pakamwa pa dzenje la mikango. Anadziwa pamene panali malire. Ndiponso kalendala ya m'buku lino iyamba ndi Januwale, mwezi wa Janus wa Aroma, ndipo Malichi ndi wa Mars, mulungu wawo wa nkhondo. Koma mlimi wodya mondokwa mu Malichi sapembedza Mars. Paulo ananena poyera kuti fano silili kanthu (1 Akorinto 8:4). Amene aopa dzina la fano alipatsa mphamvu imene lilibe.

Mulungu anasinthadi mayina a Abramu ndi Yakobo, ndipo Yesu anamutcha Simoni Petro. Koma kumeneko kunali kupereka lonjezo ndi ntchito, sikunali kuthawa tsoka. Yabezi anatchedwa ndi amake dzina la zowawa, monga Mavuto wa kuno. Iye anapemphera, Mulungu namuyankha, ndipo analemekezeka koposa abale ake ali nalo dzina lomwelo (1 Mbiri 4:9-10).

Mangawa a makolo

Izi sizitanthauza kuti kutcha dzina ndi masewera. Makolo akale, mwana akatuluka m'chikuta, anamutcha dzina lonena kanthu: la chikumbutso cha agogo, la njala ya chaka chimenecho, kapena la misozi ya pabanja. Lero ambiri atola dzina pa wailesi chifukwa likoma m'khutu, osafunsa tanthauzo lake. Kufunsa nkwabwino, kuti mwana akadzakula makolo akhale ndi chomuuza. Kulinso koyenera kukumbuka kuti m'mipingo ina masiku akale mayina a makolo anayesedwa achikunja pa ubatizo, pamene Dennis analandiridwa ndi manja awiri. Ngati dzina la mulungu wa vinyo linakhoza kukhala la ofera Khristu, ndiye kuti Chikondi, Madalitso ndi Tiyamike sasowa chilolezo cha munthu.

Chotero mayi wa ku Matero amene mwana wake Diana watentha thupi apemphere, napite naye kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti malungo abwera ndi udzudzu, ndipo sasankha dzina. Ndipo atate alere mwanayo m'choonadi, pakuti mmera mpoyamba. Anthu adzayesa dzina lake lokoma kapena loipa monga mwa mayendedwe ake. Ambuye pouza ophunzira ake chimene ayenera kukondwera nacho, sanafunse chiyambi cha mayina awo, koma anawalozera kumene mayinawo alembedwa (Luka 10:20).