Kodi Mtunda Umachepetsa Tchimo?

Pa 23 Januwale 1915, anthu a mbusa John Chilembwe atanyamuka ku Mbombwe kulowera ku Magomero, ambiri anali ndi mikondo. Mfuti zinali zosowa, ndipo kusitolo ya Mandala ku Blantyre anapezako zochepa chabe. William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya ku Magomero, anafa omuphawo ali pamaso pake.

Chaka chomwecho kunkhondo ku France, asilikali ankamangirira magalasi oonera patali pamfuti. Poti chipolopolo chimanka chitsika, wowombera amapotokola kachitsulo ka galasilo kuti mpope udzuke pang'ono. Wolasidwayo amagwa kulira kwa mfuti kusanamufike.

Mutu wa Livingstone, umene unadulidwa n'kuikidwa m'tchalitchi cha Chilembwe cha PIM, umanyansa anthu mpaka lero. Koma wowombera patali amangomutcha katswiri, chonsecho iyeyu amakhala ndi mpata woyeza mphepo, kuwerengera mtunda, ngakhalenso kusintha maganizo asanakhethemule.