Ndowa Ikasintha, Chimanga N'chomwechi?

Pa 1 Julaye 2023, kampani ya Google inasiya kuwerenga alendo a mawebusaiti ndi pulogalamu yake yakale ya Universal Analytics. Inali itachenjeza kale mu Malichi 2022 kuti eni mabizinesi asamukire ku Google Analytics 4, yomwe inatuluka mu Okutobala 2020. Pofika Julaye 2024 nkhokwe ya ziwerengero zakale inatsekedwa, ndipo amene sanazikopere pa kompyuta yake anazitaya. Ambiri anaona kusamukaku ngati ntchito ya amisiri basi: kuika kakodi katsopano pa tsamba lililonse, n'kuona ngati kakugwira. Koma pansi pa ntchito yotopetsayi pali funso lakale kuposa intaneti. Kodi chiwerengero chimatiuza zoona za anthu, kapena chimangoyankha zimene ife tafunsa?

Yankho likuoneka tikayerekeza mapulogalamu awiriwa. Yakale inkawerenga maulendo: munthu wabwera, waona masamba angapo, wakhala chete mphindi 30, ulendo watha. Amene waona tsamba limodzi n'kuchoka inkamulemba ngati wabwerera pakhomo, ngakhale atawerenga tsambalo mpaka pansi, n'kulemba nambala ya foni papepala, n'kuimba kuti agule katundu. Yatsopano imawerenga zochitika: kutsegula tsamba, kutsika nalo mpaka kumapeto, kudina batani, kutsitsa fayilo. Kwa iyo, munthu amene wakhala masekondi oposa 10, kapena waona masamba awiri, kapena wachita chinthu chimene mwini webusaiti anachilemba kuti n'chofunika, ndiye kuti wachita chidwi. Mlendo yemweyo, tsiku lomwelo, pulogalamu ina imamutcha wothawa, ina imamutcha wachidwi. Zili ngati wogulitsa chimanga amene wasintha ndowa yoyezera: thumba silinasinthe, koma chiwerengero cha ndowa chasintha. N'chifukwa chake ziwerengero zakale sizinasamutsidwe kulowa mu pulogalamu yatsopano. Zinkayankha funso lina.

Ndiye kukonzekera kwenikweni sikuyamba ndi kakodi ayi. Kumayamba pamene mwini bizinesi wakhala pansi n'kusankha chimene akufuna kudziwa. Pulogalamu yatsopanoyi imamufunsa kuti atchule yekha zochitika zimene akuziona kuti n'zofunika. Wogulitsa nsapato akasankha kuti chofunika ndi nthawi imene munthu wakhala pa webusaiti, posachedwa amayamba kusangalala ndi masamba osokoneza, chifukwa munthu wosochera amakhalitsa. Akasankha kuti chofunika ndi munthu kupeza saizi yake n'kulipira mosavutika, amakonza webusaiti ina ndithu. Katswiri wa zachuma wa ku Britain, Charles Goodhart, anachenjeza mu 1975 kuti muyezo umasiya kunena zoona anthu akayamba kuuthamangira. Chimene timawerenga ndi chimene timayamba kutumikira, ndipo kusankha kumeneku ndi nkhani ya chikumbumtima, si ya makina.

Wina anganene kuti ngati zili choncho, ziwerengerozo n'zopanda pake, bola kudalira nzeru za mwini wake. Apa ndi kupyola malire. Ndowa ndi pangano la anthu, koma chimanga chilipo. Ngati anthu ambiri amafika pa tsamba lolipira n'kubwerera, pali china chake chowabweza, mwina fomu yaitali, mwina mtengo wotumizira katundu umene unabisidwa mpaka kumapeto. Maso a mwini wake sangaone zimenezo ali mu ofesi. Chofunika n'kudziwa kuti muyezo unapangidwa bwanji ndi kuugwiritsa ntchito mosasinthasintha. N'chifukwa chake anzeru anayendetsa mapulogalamu onse awiri pamodzi kwa miyezi ingapo, kuti adziwe kusiyana kumene kwabwera ndi muyezo ndi kumene kwabwera ndi makasitomala.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera. Akuti bwanji osangosonkhanitsa zonse, mafunso tidzafunse mtsogolo? Pajatu kudziwa zambiri sikupweteka. Buku la 2 Samueli 24 limasimba za Mfumu Davide amene analamula kuti anthu ake awerengedwe. Yowabu, mkulu wa asilikali, anakayikira, koma mfumu inaumirira, ndipo pambuyo pake mtima unaitsutsa. Kalembera payekha sanali woletsedwa, poti buku la Numeri lili ndi akalembera awiri olamulidwa ndi Mulungu. Owerenga ambiri amaona kuti cholakwa cha Davide chinali kuwerenga anthu ngati chuma chake, popanda chifukwa china koma kudzitama ndi mphamvu. Pa webusaitinso, kuseri kwa kadontho kalikonse pa chithunzi cha ziwerengero kuli munthu amene mwina amafufuza mankhwala a matenda amene sanauze ngakhale mkazi wake. Malamulo a ku Ulaya afika pafupi ndi mfundo yomweyi: GDPR, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2018, imati usatenge zoposa zimene ukufunikira, ndipo kumapeto kwa 2021 ndi kumayambiriro kwa 2022 mabungwe oteteza zinsinsi za anthu ku Austria ndi ku France anagamula kuti mawebusaiti ena anaphwanya lamulo potumiza zinthu za alendo awo ku America kudzera mu Google Analytics.

Pulogalamu yatsopano inagonjerako pang'ono. Siisunga adiresi ya IP, ndipo mu mtundu waulere mwini webusaiti amasankha kusunga zochitika za munthu aliyense kwa miyezi 2 kapena 14. Komabe pali chodabwitsa: alendo akakana kutsatiridwa, pulogalamuyo imatha kulosera khalidwe lawo potengera anzawo amene anavomera, n'kudzaza mpatawo. Lipoti limaoneka lodzaza bwinobwino, chonsecho mbali ina ndi kuyerekeza kwa makina. Mwini bizinesi amene adzaime pamaso pa anzake n'kunena kuti alendo achuluka mwezi uno ayenera kudziwa kaye kuti ndi angati amene anawerengedwadi, ndipo ndi angati amene anakana.