Mayina a Milungu ya Agiriki m'Kaundula wa ku Liwaladzi

Mayina monga Denis, Cynthia, Doris, Irene, Phoebe ndi Jason ndi ozolowereka m'Malawi muno. Ku Liwaladzi, pamsewu wa M5 pakati pa boma la Nkhotakota ndi Dwangwa, mphunzitsi akamaitana kaundula m'mawa mayina otere amamveka limodzi ndi a Chikondi, Saidi, Mphatso ndi Amina popanda wodabwa. Pakamwa pa anthu anasanduka kale Denisi, Sintiya, Dolisi, Ayirini ndi Febe. Ambiri amangoti ndi mayina achizungu kapena achikhristu, chonsecho gwero lake ndi chipembedzo cha Agiriki akale, omwe ankapembedza milungu yambirimbiri zaka mazanamazana Yesu asanabadwe.

Denis linachokera ku Dionysios, kutanthauza munthu wa Dionysus, mulungu wa vinyo ndi mapwando. Cynthia linali dzina lotamandira Artemis, mulungu wamkazi wa ulenje, chifukwa nthano zimati iye ndi mlongo wake Apollo anabadwira paphiri la Cynthus pachilumba cha Delos. Phoebe anali agogo awo akuchikazi a mapasa awiriwa. Irene ndi Eirene, mulungu wamkazi wa mtendere, mwana wa Zeus. Doris anali mkazi wa Nereus, nkhalamba ya m'nyanja, ndipo anabereka ana aakazi 50 okhala m'madzi. Mtsikana wa dzinali amene akuyanika usipa pathandala m'mbali mwa nyanja ya Malawi ali ndi dzina lomuyenera kuposa momwe makolo ake akudziwira. Jason yekha sanali mulungu koma ngwazi imene inatsogolera ngalawa yotchedwa Argo kukafuna chikopa cha nkhosa chaubweya wagolide.

Mayinawa anafika kunyanja kuno kudzera njira zosiyana. Yoyamba ndi Baibulo, maka Buku Lopatulika lomwe linatuluka lathunthu mu 1922. M'kalata yake yopita kwa Aroma, Paulo akuyamikira Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Cenchreae, ndipo akupereka moni kwa Hermes ndi Nereus. M'buku la Machitidwe muli Jason wa ku Thessalonica amene anasunga Paulo m'nyumba mwake, ndi Dionysius wa ku Athens amene anakhulupirira atamva ulaliki. Njira ina ndi ya oyera mtima, yomwe Akatolika ndi Aanglikani amaitsata. Denis anali episkopi wa ku Paris amene anaphedwa cha m'ma 250 chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo dzina lake linafala pa chifukwa chimenechi, vinyo ataiwalika. Mishoni ya Aanglikani ya UMCA itakhazikika ku Nkhotakota mu 1894, ubatizo ndi sukulu zinayamba kumwaza mayina a mtundu umenewu m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Ena, monga Cynthia ndi Doris, anabwera mochedwerako kudzera m'mabuku a kusukulu, pawailesi ndiponso ndi anthu obwerera kuchokera ku Halale ndi ku Joni. Nthano zenizenizo zinatsalira m'njira. Malo odziwika kuti zimaphunzitsidwa mozama ndi Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma loyandikana la Kasungu, sukulu imene inatsegulidwa mu 1981 ili ndi Chigiriki ndi Chilatini pandandanda wa maphunziro.

Funso lachipembedzo ndi lakuti, kodi dzina limanyamula mzimu wa kumene linachokera? Kwa Mchewa funsoli si lamasewera. Mwana akatuluka m'chikuta amapatsidwa dzina la pamchombo, ndipo kawirikawiri limanena zimene banja linadutsamo: Mavuto, Masiye, Maliro, Tsoka, kapena Limbani ndi Chimwemwe. Nthawi zina mwana amatenga dzina la agogo kapena amalume amene anatisiya, kuti asaiwalike pamtundu. Pachinamwali dzina limasintha, ndipo kuitana munthu wovinidwa ndi dzina laubwana ndi chipongwe chachikulu. Anthu amene amalemekeza dzina chotere sangalephere kudabwa akamva kuti mkulu wampingo amene amadana ndi mowa akuyenda ndi dzina la mulungu wa vinyo.

Agirikiwo anakanganapo za nkhani yomweyi. M'buku lake lotchedwa Cratylus, Plato analemba za anthu awiri otsutsana. Cratylus ankati chinthu chilichonse chili ndi dzina lake lachibadwa logwirizana ndi chikhalidwe chake, pamene Hermogenes ankati dzina ndi mgwirizano chabe wa anthu. Cratylus anafika pomuuza mnzakeyo kuti Hermogenes si dzina lake loona ngakhale dziko lonse litamamuitana choncho. Dzinalo limatanthauza wobadwa kwa Hermes, mulungu wa malonda, pamene mwini wakeyo ndalama zinkamuthawa. Socrates, amene anaitanidwa kuti aweruze, anapeza zofooka mbali zonse ziwiri.

Mpingo woyamba unayankha ndi zochita. Paulo ndi Barnaba anang'amba zovala zawo ku Lystra pamene khamu linawatcha Hermes ndi Zeus n'kufuna kuwaphera ng'ombe za nsembe. Ku Efeso kunabuka chipolowe chifukwa ulaliki wa Paulo unkagwetsa malonda a osula tiakachisi tasiliva ta Artemis. Paulo yemweyo, munthu wolimbana ndi mafano chotere, ankatcha Epaphroditus mbale wake ndi wantchito mnzake, ngakhale dzinalo limachokera kwa Aphrodite, mulungu wa chikondi ndi chilakolako. Apollos, mlaliki wa ku Alexandria, anapitiriza kudziwika ndi dzina lochokera kwa Apollo. Palibe pamene Chipangano Chatsopano chimalamula otembenuka mtima kutaya mayina otere. Chimene atumwi ankakana ndi kupembedza, ndipo dzina limene munthu anapatsidwa ali wakhanda sankaliwerengera ngati kugwadira fano.

Apa mpamene mbiri ya mishoni zina imaoneka yokhota. Anthu ambiri pobatizidwa ankauzidwa kuti asankhe dzina lachikhristu, lawo lachibadwa n'kuliika pambali ngati lachikunja. Lamulo la Akatolika la 1917 linkafuna kuti wobatizidwa akhale ndi dzina lachikhristu, ndipo makolo akakana wansembe ankawonjezerapo la woyera mtima. Zotsatira zake, Irene ankalowa m'kaundula wa ubatizo mosavuta pamene Mtendere, wa tanthauzo lomwelo komanso wopanda mulungu wachilendo kumbuyo kwake, ankafunika womuperekeza. Lamulo la 1983 linafewetsa zinthu, likungoletsa dzina lotsutsana ndi maganizo achikhristu. Chisilamu, chomwe chinazika mizu ku Nkhotakota kuyambira nthawi ya a Jumbe m'zaka za m'ma 1800, chili ndi malire omveka bwino: dzina lotcha munthu kapolo wa wina aliyense wosakhala Allah ndi loletsedwa, ndipo Mtumiki Muhammad anasintha mayina otere mwa omutsatira ake.

Kuti dzina limasintha mwini pamene lasamuka, Achewa ali nawo umboni pabwalo pawo. Gule Wamkulu ali ndi zilombo zotchedwa Maliya ndi Simoni, mayina otengedwa kutchalitchi. Maliya akatuluka kudambwe n'kumavina monyang'wa, amayi akuomba m'manja, palibe amene amati pabwalopo pakuchitika Misa. Chimodzimodzi mayi wotcha mwana wake Doris amakhala akukumbukira azakhali, namwino amene anamuthandiza pobereka kapena mphunzitsi amene ankamukonda. Maganizo a Hermogenes ndi amene ali pafupi ndi choonadi pa mayina amenewa, ngakhale kuti mgwirizano wa anthu umene iye ankanena uli ndi mphamvu yoposa imene ankaiganizira, popeza umamanga mwana kwa munthu weniweni amene banja linamudziwa.

Masiku ano m'mipingo ina ya chipentekoste mumalalikidwa kuti dzina likhoza kukoka tsoka, ndipo anthu ena amasintha mayina awo akapemphereredwa. Amene amagwa m'chiweruzochi kawirikawiri ndi a Mavuto, a Tsoka ndi a Maliro, chifukwa tanthauzo la mayina awo aliyense amalimva akangotchulidwa. A Denis ndi a Cynthia amakhala phee pabenchi lomwelo, ena mwa iwo ali otsogolera mapempherowo.