Kodi Mnyamata Ayesedwa ndi Ciani?

M'caka ca 1933 linaturuka buku la Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Ntara. Mnyamata wa m'bukumo, atafa atate wace, asanduka wakuba ndi wosamvera, napita kutali kukafuna nchito. Koma pomariza pace akhala mfumu. Funso la bukulo silinakalambe: kodi munthu ayesedwa ndi ciani?

Funso lomwelo lionekanso ku Balaka ndi ku Machinga. Anyamata awiri anakulira pamodzi, nabvinidwa pamodzi. Wina anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Mnzace anatsala, namapalasa kabaza pa Liwonde kuti adyetse abale ace. Sukulu itatsekera, wophunzirayo acita manyazi kumpatsa moni mnzaceyo, ndipo wanjingayo ayamba kudziyesa wacabe. Onse awiri asokera, pakuti ayesa munthu ndi nsapato zace.

Maphunziro ndi abwino ndithu, koma ali ngongole yoyenera kubwezedwa kwa otsala kumudzi. Umphawi nawo sucotsa umunthu. Nthondo sanakhale munthu weni-weni ndi za kuulendo, koma pamene anatembenuka mtima. Paja akulu anati: ukakwera pamsana pa njobvu, usamati pansi palibe mame.