Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye

Mwambiwu Achewa amalangizira nawo munthu amene akulera mwana yemwe sadabereke yekha. Chigawo choyamba chikuti mwana wotere asayesedwe mlendo pakhomo. Chachiwiri chikuti phindu la mwanayo limagwera wolera amene wachenjera manja, ndiye kuti wodziwa kugawa mosakondera ndi kubweza dzanja mtima ukapsa. Kudya naye ndi kudzathandizidwa ndi mwanayo akakula.

Ku Mualadzi, m'boma la Chifunde m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kufupi ndi malire a Zambia, kulera mwana wa wina si chachilendo. Achewa amawerenga mtundu kuchikazi, choncho mayi akamwalira ana amatsala m'manja mwa agogo, amayi aakulu kapena aang'ono, ndi atsibweni omwe ndi eni mbumba. Nkhondo yapachiweniweni, imene idatha ndi mgwirizano wa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, idabalalitsa mabanja: ambiri adathawira ku Malawi, ena ku Ukwimi ku Zambia. Pobwerako, makomo ambiri adali ndi ana a abale, ndipo matenda a Edzi adadzawonjezera ena. Lamulo la mabanja la Mozambique la 2004 lidavomereza banja lolandira mwana wosakhala wake, komabe kumudzi nkhani zotere zimayambira pabwalo la maliro, akuluakulu akamagawana ana.

Kulemera kwa udindowu kumaoneka pakapita miyezi. Nkhokwe yomwe inkakwanira anthu asanu iyenera kudyetsa asanu ndi atatu, ndipo imatha mu Januwale chimanga chisanache. Mwana wamasiye naye amabwera ndi chisoni chake. Wina amayamba kukodza pamphasa ali wamkulu kale, wina amabisa mkute m'thumba la malaya, wina akadzudzulidwa amangoti, “Inu si amayi anga.” Anansi nawo satha mawu: wolera akalanga akuti akuzunza poti si wake, akalekerera akuti alibe naye ntchito. Chimene anthu saona kawirikawiri n'chakuti wolerayo nayenso ndi namfedwa, popeza malemuwo adali mchemwali wake kapena mwana wake. Kutopa kotereku n'kumene kudabala mwambi wina wotsutsana ndi uwu, woti mwana wa mwini ndi gaga, saundika.

Kuchenjera manja kumayambira mumtima. Wolera wanzeru amayamba wazindikira chimene chamukwiyitsa, kaya ndi mphika umene mwana waphwanya kapena ngongole ya feteleza imene yamusowetsa tulo. Akazindikira, amachedwetsa chilango mpaka mtima utatsika, ndipo amalankhula ndi mwanayo kuseri, osati pamaso pa ana ake obereka. Amawerenganso mtima wa mwana: wobisa chakudya nthawi zambiri si wakuba, ndi woopa kuti mawa sadzapatsidwa. Mankhwala ake ndi mbale imodzi, nthuli zofanana, ndi ntchito zosinthana. Lero akatunge madzi ndi uyu, mawa ndi uyo. Ana amayang'anitsitsa dzanja logawa ndiwo kuposa mmene amamvera malangizo.

Mwambo sudafune kuti munthu asenze yekha katunduyu. Atsibweni amaitanidwa mwana akavuta, ankhoswe amalowererapo ngati kubwera kwa anawo kwautsa mkangano pakati pa mwamuna ndi mkazi, ndipo amayi a mumpingo amathandiza ndi ufa, sopo kapena kungocheza. Ngakhale kudandaulirana pamtondo kapena pachitsime kumapepuza mtima. Wolera wobisa mavuto poopa kusekedwa ndiye amafulumira kuphulikira mwana.

Ena amaumva molakwika mwambiwu, n'kutenga mwana wamasiye ngati wantchito waulere wosoka fodya ndi kuweta mbuzi, anzake ali kusukulu. Amaiwala kuti mawu oti “ngwako yemwe” ndiwo ali patsogolo, kudya kuli pambuyo. Pachifukwachi akuluakulu amaunena pa nthawi ziwiri: popereka ana kwa wowalera maliro akatha, ndi podzudzula munthu amene wayamba kusankha ana pakhomo.