Kodi Moto wa Mmphawi Ndi Mlandu?

Masiku ano pa wailesi ndi m'misonkhano ya akulu a boma mwachuluka mau onena za mphamvu zosaononga dziko, ndiye kuti magetsi ochokera ku madzi ndi ku dzuwa, ndiponso mbaula zosadya nkhuni zambiri. Mau amenewa ndi abwino, ndipo palibe munthu wanzeru amene angawakane. Koma pansi pao pagona funso lolimba limene ife a kuno ku Thyolo sitingathe kulizemba. Funsolo ndi ili: mai wosauka amene alibe magetsi, alibe malo obzalapo mitengo, alibenso ndalama yogulira gasi, akakwera phiri nakadula mtengo kuti ana ake adye nsima yakupsa, kodi wachimwa? Ndipo ngati pali mlandu, mlanduwo ugwera yani?

Tiyeni tiyambe taona zinthu monga ziri, pakuti woweruza wosamva mbali zonse aweruza mokhota. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu opitirira 700,000 m'boma la Thyolo, pamene gawo lalikulu la nthaka yabwino liri pansi pa tiyi kuyambira masiku a atsamunda. Kalembera yemweyo anaonetsa kuti m'Malawi monse mabanja 11 okha mwa 100 ndiwo anali kuunikira nyumba zao ndi magetsi, ndipo mabanja oposa 90 mwa 100 anali kuphika ndi nkhuni kapena makala. Owalandira magetsi achulukako chiyambire nthawi imeneyo, koma pa mafuwa sipanasinthe kwenikweni.

Tizindikirenso ichi: tiyi amene atumizidwa ku maiko akutali nayenso adalira moto wa nkhuni. Masamba akathyoledwa, nafota, naphwanyidwa, amaumikidwa ndi mpweya wotentha, ndipo chotenthetsa mpweyawo m'mafakitale ambiri ndi nkhuni. N'chifukwa chake maesiteti ali ndi minda yaoyao ya bulugamu, imene adula ndi kuisamalira mwa dongosolo. Pamenepa palibe cholakwa. Ndi nzeru ndithu. Koma onani kusiyana kwake. Moto wa fakitale ndi moto wa mai uja ndi moto umodzimodzi, wodya mtengo ndi kutulutsa utsi. Woyambawo lamulo liuloleza chifukwa mwini wake ali ndi malo omeretsapo nkhuni zake. Wachiwiriwo lamulo liuletsa chifukwa mwini wake alibe malo otero. Tsono nkhani ya moto kuno kwathu ndi nkhani ya malo.

Komatu mbali inayo nayonso iri ndi mboni zake. Phiri la Thyolo linali ndi nkhalango yowirira, ndipo akulu amene ali moyo lero anaiona ndi maso ao. Nkhalangoyo yatha pafupifupi yonse, ndipo yotsala yodziwika ndi kachigawo kosungidwa pa esiteti ya Satemwa, imene inayamba m'chaka cha 1923. Nthaka ya m'mapiri athu ikakokoloka, mitsinje monga Nsuwadzi ndi Luchenza iitengera ku Ruo, ndipo Ruo akaitula mu Shire pa Chiromo. Olandira matope ndi madzi osefukira ndi abale athu a kuchigwa. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'chigawo chino cha kumwera. Mvula yotero ikadaononga ngakhale mitengo yonse ikadalipo, komabe phiri lobvulidwa silichedwetsa madzi konse.

Ngakhale magetsi amene tiwatcha osaononga dziko adalira mitengo. Magetsi ambiri a Malawi achokera mu Shire, kuyambira pa Nkula pamene makina oyamba anazungulira mu 1966, kudza Tedzani, kufikira pa Kapichira. Mapiri a kumtunda kwa mtsinjewo akametedwa, matope adzaza m'madamu, ndipo makina achepa mphamvu. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo anthu anakhala mumdima nthawi ndi nthawi mpaka 2023. Magetsi akazima m'tauni, makala akwera mtengo, ndipo nkhwangwa zichuluka m'phiri. Chotero kudula mitengo kuchepetsa magetsi, ndipo kuchepa kwa magetsi kuonjezera kudula mitengo.

Nanga tiweruze bwanji? Anzeru akale a za chilungamo anatisiyira mfundo zitatu zimene zitithandize. Yoyamba anaiphunzitsa Thomas Aquinas Woyera: zinthu za pa dziko zinaikidwa kuti zisunge moyo wa anthu onse, chotero munthu amene ali pa umphawi woika moyo wake pangozi, akatenga chokhacho chofunika kuti apulumuke, sanabe. Yachiwiri ndi yakuti lamulo silingathe kukakamiza munthu kuchita chosatheka. Ndipo kukhala wosaphika n'kosatheka. Yachitatu ndi yakuti mlandu wa munthu ukula molingana ndi kudziwa kwake ndi ufulu wake wosankha: wokhala ndi njira ziwiri nasankha yoipa ali ndi mlandu woposa wa iye amene ali ndi njira imodzi yokha.

Tikayesa ndi mfundo zimenezi tiona kuti odula mitengo sali gulu limodzi ai. Pali mai wosenza mtolo umodzi wa nkhuni zophikira banja lake. Pali mnyamata wootcha makala chifukwa ntchito yothyola tiyi ichepa m'chilimwe ndipo munda wa makolo ake ndi wochepa. Pali wamalonda wodzaza galimoto ndi matumba a makala usiku, amene njala saidziwa. Palinso munthu wa ku Limbe kapena ku Blantyre amene nyumba yake iri ndi magetsi, koma agula makala chifukwa atsika mtengo, osafunsa kumene achokera. Mai uja mlandu wake ndi wochepa, mwina palibe. Wa mnyamata uja ulipo, koma njala iuchepetsa. Wolemera ndi wa wamalonda uja, ndipo wogulayo asadziyese wosalakwa chifukwa manja ake sanagwire nkhwangwa.

Wina adzati: Abambo, mwatsegula khomo lalikulu, pakuti aliyense adzadzitcha mmphawi, ndipo mtengo wotsiriza udzagwa ndi dalitso lanu. Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo ndiwayankha motere. Kuchepa kwa mlandu wa munthu sikuchepetsa kuipa kwa chochitikacho. Mtengo wodulidwa ndi mmphawi ugwa chimodzimodzi ndi wodulidwa ndi wolemera, ndipo mwana amene adzabadwe zaka 20 zikudzazo adzasowa kasupe ngakhale wodulayo anali wosalakwa. Mwana ameneyo nayenso ndi mmphawi, woposa tonse, pakuti sangathe kudziyankhulira pa bwalo. Tsono sitinena kuti kudula kupitirire. Tinena kuti udindo woletsa choipacho ugwera makamaka iwo amene ali ndi mphamvu yopereka njira ina.

Boma lachitapo zinthu zoyenera kuzibvomera. Lamulo la magetsi litakonzedwa mu 2016, ntchito yopanga magetsi inachoka ku ESCOM nipita ku EGENCO mu 2017, ndipo makampani ena analoledwa kupanga magetsi ndi kuwagulitsa. Chifukwa cha ichi ku Salima kunatsegulidwa malo a magetsi a dzuwa a mamegawati 60 mu 2021, ndipo ku Golomoti a mamegawati 20 mu 2022. Palinso chikonzero cha damu la Mpatamanga pa Shire, la mamegawati oposa 350. Mu 2017 boma linalemba ndondomeko ya zaka 10 yochepetsera makala, mu 2018 ndondomeko yatsopano ya mphamvu, ndipo mu 2020 linalimbitsa zilango za m'lamulo la nkhalango.

Koma pano pali pofunika kuyang'anitsitsa. Chilango chifika pa mudzi tsiku limodzi, pamene waya wa magetsi atenga zaka. Ndiponso kasola ka padenga, kamene kaunikira mwana wowerenga usiku ndi kudzaza foni, sikangapsetse mphika wa nyemba. Kuunika ndi kuphika ndi mabvuto awiri osiyana, ndipo nkhalango itha chifukwa cha kuphika. Boma likaletsa moto wakale lisanabweretse watsopano, liika mmphawi pakati pa njala ndi ndende. Chilungamo chifuna kuti dzanja lopereka litsogole, lolanga litsate, ndipo lolangalo liyambe ndi galimoto ya wamalonda lisanafike pa mtolo wa mai. Malemu Papa Francis, m'kalata yao yotchedwa Laudato si' ya 2015, anaphunzitsa kuti kusamala dziko ndi kusamala osauka sizingalekanitsidwe.

Njira zina ziripo, ndipo siziri kutali. Ku Bondo m'boma la Mulanje bungwe la MEGA latcheza madzi a mtsinje wa Lichenya ndi makina ang'ono, ndipo midzi, sukulu ndi chipatala zalandira magetsi popanda kudikira waya wochokera ku Shire. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dothi lathu lomwe, idya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu ndipo ichepetsa utsi wodwalitsa chifuwa. Mu 2013 boma linalonjeza kuti mbaula zosunga nkhuni zifike 2 miliyoni pofika 2020. Ndipo amai a kuno adziwa kale kuti mitengo ya nandolo, akatha kukolola, iyaka bwino m'mbaula yotero.

Tsono aliyense asenze gawo lake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Boma lifulumize magetsi a kumidzi ndi kutsitsa mtengo wa njira zina zophikira. Eni maesiteti, amene ali ndi malo, mbande ndi luso losamala mitengo, akumbukire kuti wokhala ndi zambiri ali ndi ngongole kwa mnansi wake. Nthambi zotsala, mbande ndi maphunziro zingathe kudutsa malire a tiyi. Okhala m'tauni afunse chikumbumtima chao asanagule thumba la makala. Ife a m'midzi tisabisale kumbuyo kwa umphawi: amene angathe kuumba mbaula aumbe, amene ali ndi mpata m'malire a munda abzale mtengo dzinja lino, pakuti m'mera mpoyamba.

Inu akatekisti, mukafunsidwa funso limeneli, musafulumire kumtsutsa mai wosauka, ndipo musamnamizenso kuti phiri silidzatha. Mfunseni ngati ali ndi njira ina. Ngati ali nayo, mlimbikitseni aitsate. Ngati alibe, dziwani kuti mlandu wa mtengo umene wadulawo uli pa ife tonse amene tikadatha kumpatsa njirayo, ndipo muyambe ndinu kumthandiza kuipeza.