Ukayenda siya phazi

Mwambi wakuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata umachenjeza munthu kuti posamuka asiye ntchito zooneka, osati mawu oipa.

Chitsanzo ndi Pulofesa Mathews Chikaonda, amene adamwalira mu 2018. Iwo adali Gavanala wa Reserve Bank, kenako nduna ya zachuma, asanatsogolere kampani ya Press Corporation kuyambira 2002 mpaka 2016. M'nthawi yawo, mu 2004, fakitale ya PressCane, yomwe ili pansi pa kampaniyi, idayamba kutcheza ethanol ku Chikwawa kuchokera ku zotsalira popanga shuga, ntchito imene kampani ya Ethco inkachita kale ku Dwangwa. Ethanolyo amasakanizidwa ndi petulo, ndipo wakabaza wa pa Golomoti akathira mafuta m'njinga yake yamoto, amayenda nayo osadziwa kuti mbali ina ya mafutawo ndi nzimbe.